Tifunse matope a pansi pa nyanja za madzi athu

Akonzi,

Madzi atalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo kuno ku Mangochi mu 2024, ambiri ankati zoterezi sizinaonekepo. Koma kuyeza madzi a nyanja ya Malawi kunangoyamba mu 1896. Za kale kuposa apo zinasungika m'matope a pansi pa nyanja.

Mu 2005 akatswiri, kuphatikizapo Christopher Scholz, anamanga makina obowolera pa chombo cha Viphya. Pamalo pamene madzi ndi akuya mamita 592 anaboola pansi mamita pafupifupi 380. Matopewo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunkagwa zilala zimene zinatsitsa nyanjayi ndi mamita mazanamazana.

Nyanja yathu imasunga bwino mbiri chifukwa kunsi kwa mamita pafupifupi 250 kulibe mpweya wa okosijeni. Kulibe nyongolotsi kapena nsomba zovundula, ndiye matope amangosanjikizana chaka ndi chaka. Paipi yotengera matope ikatuluka amaing'amba m'litali, theka lopima, theka losunga pamalo ozizira madigiri 4. Mungu umauza ngati kunali nkhalango kapena udzu, makala amauza za moto wa tchire, ndipo tizigoba ta ndere zosaoneka ndi maso timasonyeza ngati madzi anali akuya kapena osaya.

Ntchitoyi imalakwika mosavuta. Mpweya wokhala m'matope umafufuma paipi ikamakwera, n'kuwang'amba. Matope apamwamba ndi amadzimadzi, ndipo akatayika ndiye kuti zaka zaposachedwa zapita. Kaboni 14, njira yopimira zaka za zinthu zakale, amalekeza pa zaka pafupifupi 50,000, komanso pamafunika kupima tsamba kapena khala, osati matope osakanikirana, chifukwa kaboni wakale wokokoloka kumtunda amakalambitsa zaka.

Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti pakati pa 1915 ndi 1935 madzi analeka kutuluka m'nyanjayi kupita mu Shire, mtsinje umene lero ukupukusa makina a magetsi ku Nkula. Kuti tidziwe ngati zoterezi zimachitika kawirikawiri, tikupempha mayunivesite athu atenge matope a mita imodzi kapena mamita awiri ku Malombe ndi chakuno kummwera kwa nyanja. Kuno n'kosaya, mwera ndi makoka zimavundula pansi, choncho paipi imodzi siingakwane. Atenge zingapo m'malo osiyana, azifananize, ndipo zaka 150 zapitazi aziwerenge ndi Lead-210, njira yopimira zaka za matope aposachedwa. Theka losungalo litsale m'dziko muno kuti ophunzira athu azitha kulipimanso.

Owerenga okhudzidwa,
Mangochi