Iwe lira basi, Yesunso analira

Mnzanga,

Meseji yako ija ndinaiona usiku womwewo koma manja anandilemera, ndimangolemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta mpaka foni inathima. Pepa kwambiri. Amayi aja analinso amayi anga, iwe ukudziwa, ndiye zoti atisiya iwe uli kutali chonchi osatsanzikana nawo zikundiwawa mpaka pano.

Koma chimene chandikwiyitsa pang'ono ndi zija unanena kuti ena akumakuuza usamalire chifukwa ndiwe wopemphera, eti kulira ndi kuchepa chikhulupiriro. Aaa ayi, zimenezo ine ndakana. Tatsegula Yohane 11 uone. Lazaro watha masiku anayi m'manda ku Betaniya, kamudzi kamakilomita pafupifupi 3 kuchokera ku Yerusalemu, Marita akukumana ndi Yesu panjira n'kumuuza mosabisa kuti Ambuye mukanakhala kuno mlongo wanga sakanafa, Mariya naye kubwera mawu ake omwewo. Ndipo Yesu ankadziwa bwinobwino kuti posachedwa amuitana Lazaro atuluke, komabe vesi 35 ikuti Yesu analira. Amene ankadziwa mathero a nkhani yonse analirabe pamanda a bwenzi lake, ndiye iwe akuletse ndani? Paulo nayenso pa 1 Atesalonika 4:13 sanati tisamve chisoni, anati chisoni chathu chisakhale ngati cha anthu opanda chiyembekezo. Anthu amangodula vesi pakati n'kumakupanikiza nayo.

Unafunsanso kuti kodi tsiku la kuuka kwa akufa amayi udzawazindikira. Funso lomweli linandivuta ine bambo atamwalira, ndinkagona nalo kudzuka nalo. Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi nkhani za Yesu ataukitsidwa. Mariya wa ku Magadala ali kumanda akulira anamuyesa wosamalira munda, mpaka Yesu anangomutchula dzina, Mariya, pomwepo anamudziwa. Dzina lokha basi, mmene ankalitchulira kale. Ndikawerenga pamenepo ndimakumbukira mmene amayi ankakuitanira iwe, kukoka dzina lako lija ngati nyimbo, tonse n'kumakuseka. Tomasi naye patapita masiku asanu ndi atatu anaonetsedwa manja ndi nthiti zomwe zija, zipsera zake zilipo ndithu. Kwa Luka 24 Yesu anafunsa ophunzira ake ngati ali ndi chakudya, anadya nsomba yowotcha iwo akuona, kuti asaganize kuti ndi mzukwa. Anali yemwe uja, thupi lenileni, kungoti imfa inalibenso mphamvu pa iye.

Paulo pa 1 Akorinto 15 akuyerekeza ndi mbewu, kuti chimene umafesa sichimera chisanafe, ndipo chomeracho sichifanana ndi kambewu kaja ngakhale chachokera mwa iko. Thupi limafesedwa lofooka, limauka lamphamvu. Ine ndimaganiza za miyezi yomaliza ija amayi akulephera ngakhale kunyamula kapu ya madzi, thupi lija ndi limene lafesedwa. Ndipo Paulo sankalemba nthano zotonthozera ana ayi, m'chaputala chomwecho akuti Yesu anaonekera kwa abale oposa 500 nthawi imodzi, ambiri a iwo anali akadali moyo pamene ankalemba, kunena kuti wokayika apite akafunse yekha.

Sindikunamiza kuti zimenezi zichotsa ululu sabata ino. Kwa ine zinatenga nthawi, masiku ena kupemphera kumakanika, ndinkangokhala phee Baibulo lili pamiyendo osalitsegula n'komwe.

Uzidya, uzigona, usamadzitsekere wekha m'nyumba tsiku lonse. Loweruka madzulo ndikuimbira, ukakhala kuti mawu akukanika ingoyankha foniyo tikhale chete limodzi. Zithunzi za amayi zija ndili nazo zitatu, ndikutumizira ukadzandiuza kuti wakonzeka kuziona.

Ndine mnzako yemwe uja.