Kalata kwa mwana wanga amene akufuna kusiya ntchito abwere ku ulusi

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumvetsera katatu. Koyamba ndinali m'khola la akalulu, sindinamve bwino. Kachiwiri ndinaseka. Kachitatu ndinakhala pansi pa mpando wa atate ako uja n'kunena kuti ayi, uyu ndisamuyankhe pa foni, chifukwa pa foni umandidula pakamwa ndisanamalize. Ndiye werenga mofatsa, ukamaliza undiimbire.

Ukuti ntchito ya mu ofesi ku Ndola yakukwana, ukufuna kusiya mwezi wamawa ukatha, utenge ngongole, tigule akalulu ena 40 ndi mapoto akuluakulu, iwe uzigwira za Facebook ndi maoda, ine ndizinyika ulusi mu utoto. Kubwera sindikukuletsa. Pano ndi pakwanu, ndipo zala zanga zayamba kudandaula m'mawa kukazizira. Koma chimene wakonda pa zithunzi zija, mipukutu yachikasu ndi yofiirira ili ndandanda pa chingwe dzuwa likulowa, ndi ola lomaliza la ntchito ya miyezi itatu. Miyezi itatuyo sunaione. Unachoka pano tili ndi akalulu 4 oweta mosewera, ndipo sunagonepo m'nyumba yonunkha ubweya wa nkhosa wonyowa.

Ndiyambe ndi akalulu ukufuna kugulawo. Angora si kalulu wa ndiwo amene umamuponyera masamba a kabichi n'kupita ku tchalitchi. Ubweya wake umakula osaleka. Ukapanda kumupesa masiku angapo umapiringizana n'kukhala zigamba zolimba, zosapoteka, zongodula n'kutaya. Choopsa kwambiri n'chakuti amadzinyambita n'kumeza ubweyawo, ndipo kalulu sasanza. Ukatseka m'mimba amasiya kudya, mawa lake wapita. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse, ndisanamwe tiyi, ndimawerama kuyang'ana pansi pa khola lililonse. Zitosi zikachepa, kapena zikatuluka zing'onozing'ono zolumikizana ndi ubweya ngati mikanda, ndimadziwa kuti ameneyu ametedwe lero lomwe, apatsidwenso udzu wouma wambiri. Akalulu 18 amene ndili nawo amandidyera m'mawa wonse. Iwe ukunena 58. Adzawapesa ndani iwe uli pa foni ndi makasitomala?

Ndiye pali Okutobala. Kutentha kwa Lusaka mwezi umenewo ukukudziwa, tsono ganizira kanyama kovala juzi losavula. Timameta pakatha miyezi itatu iliyonse, ndipo ndimawerengera kuti kumeta kumodzi kugwe kumapeto kwa Seputembala. Kale ndinkaika mabotolo a madzi oundana m'makola masana. Chaka cha 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi ankabwera maola ochepa, nthawi zina pakati pa usiku, firiji inasanduka kabati. Ndinataya akalulu 5 sabata imodzi, pamodzi ndi mayi woyera uja amene unkamunyamula ngati khanda. Sindinakuuze nthawi imeneyo chifukwa unali ndi zako. Otsalawo tinawapulumutsa ndi masaka onyowa opachika pa waya ndi udzu wofolera pamwamba pa malata, ine ndi mlongo wako tikutunga madzi ndi ndowa chifukwa pampu nayo inali lii. Ngati tsiku ngati limenelo libweranso tili ndi akalulu ogula ndi ndalama za eni ake, sindidziwa kuti tidzalira chiyani, akalulu kapena ngongole.

Za nkhosa ndinena pang'ono. Zambiri za kuno, za mchira wamafuta ndi ma Dorper, n'za nyama, ubweya wake sungalukire mwana chipewa. Zanga 6 zija zili ndi magazi a Merino, mtundu wa nkhosa za ubweya, ndipo mvula siziikonda. Ziboda zimaola m'matope, njoka za m'mimba zimachuluka, kotero sabata iliyonse ndimatsegula chikope cha iliyonse; m'kati mukayera m'malo mofiira, njoka zayamba kumwa magazi. Ukameta makilogalamu 3 usayambe kuwerengera phindu. Ukachapa mafuta ndi fumbi utsala ndi 2, mwina kucheperapo. Ndimazisungabe chifukwa ubweya wa Angora pawokha sutanuka, juzi lake limalendewera ngati thumba, umafunika kusakaniza ndi wa nkhosa.

Thonje la kumunsi kwa munda lija sililowetsa ndalama zoti n'kutchula, ndisakunamize. Timabzala mvula ikakhazikika mu Disembala, kutola Meyi ndi Juni, ndipo pa makilogalamu 10 otola, oposa theka ndi njere. Kuchotsa njerezo ndi manja ndi ntchito ya madzulo ambirimbiri. Ndimalima chifukwa ambuye ako ku Katete ankapota thonje ndi kamtengo kamene ankakatcha njinga, kupotera pa ntchafu uku akutikalipira, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa. Chimenecho ndi chifukwa changa, si cha bizinesi, ndipo ukadzatenga malo ano n'kuganiza zobzalapo mtedza sindidzakwiya kwambiri.

Tsopano madzi. Ichi anthu sachiganizira n'komwe. Lusaka wakhala pa miyala ya laimu, ndipo madzi a m'chitsime chathu ali nayo yambiri. Zoyera zimene umakanda m'ketulo zija ndi zomwezo. Sopo sachita thovu bwino m'madzi otere, amasiya utsiru pa ubweya, ulusi umatuluka wokhakhala. Utoto nawonso umasintha nkhope: makoko a anyezi omwewo, muyeso womwewo, poto yemweyo, ukanyika m'madzi a chitsime ndi m'madzi a mvula upeza mitundu iwiri. Migolo 8 imene ili kuseri kwa khitchini, imene unkati ikunyansitsa nyumba, ndiyo chuma cha bizinesi ino. Ndimakinga madzi a mvula kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo ayenera kundifikitsa nyengo yozizira yonse. Mapoto akuluakulu ukunenawo amamwa madzi akuluakulunso. Usanagule poto, werenga migolo.

Kunyika kwenikweniko n'kokoma, sindibisa. Ndi kumene kumandidzutsa. Koma kuli ndi malamulo ake osamva kupepesa. Ubweya umayamba walowa m'madzi a alamu, mchere wothandiza utoto kugwira, magalamu 10 mpaka 15 pa magalamu 100 a ulusi wouma, ndipo umayeza pa sikelo, osati ndi maso. Moto ukhale wofatsa, madzi azingofuka nthunzi osabwadamuka. Ukautakasa ngati ukuphika nsima, kapena kuuchotsa m'madzi otentha n'kuuponya m'ozizira, umagwirana n'kukhala chigamba, ndipo palibe chobweza. Thonje lili ndi khalidwe lina. Lija umaliwiritsa ndithu ndi soda wochapira mpaka madzi ade ngati tiyi, kenako ulinyike m'madzi a makungwa a mthethe, alamu abwere pambuyo, apo ayi utoto umangolipsopsona n'kuchoka. Makoko a anyezi ndimakatenga kwa amayi a ku Soweto Market, amandisungira m'thumba ndipo amandiseka kuti ndimagula zinyalala. Amapereka chikasu chakupsa. Njere ndi makoko a kotapela zimapereka pinki wofatsa amene amayi oyembekezera amamukonda. Masamba a bulugamu amapereka kufiira kwa njerwa. Ukathira madzi pang'ono a misomali ya dzimbiri, chikasu chija chimasanduka mtundu wa msipu wakuda, koma pang'ono pokha, chitsulo chikachuluka chimadya ubweya. Chifukwa cha chomwechi poto wosupuka amene wayamba dzimbiri usamugwiritse, ndipo poto wa utoto asadzalowemo ndiwo. Indigo ndiye amandisangalatsabe ngati mwana: ulusi umatuluka m'chidebe uli wobiriwira mwachikasu, n'kusanduka wabuluu uli m'manja mwako mpweya ukaukhudza.

Pali nkhani imene ndikufuna uidziwe, chifukwa iwe ndi amene uzilankhula ndi ogula. Chaka changa chachiwiri ndinanyika ulusi ndi maluwa a chidede. Unatuluka wofiira mokongola moti ndinaitana aneba kudzaona. Mayi wina anagula mipukutu 4, analukira mdzukulu wake juzi la ubatizo. Patatha mwezi anabwera nalo pa tebulo langa, pamaso pa anthu, litasuluka n'kukhala lotuwa ngati phulusa. Sanakalipe. Anangoliyala n'kufunsa kuti, kodi amayi, munkadziwa? Sindinkadziwa, koma ndinali ndisanayese, ndipo kusayesako kunali kulakwa kwanga. Ndinamubwezera ndalama, koma masiku amene analuka sindikanamubwezera. Kuyambira tsiku limenelo mtundu uliwonse watsopano ndimadula kachidutswa, theka ndiphimbe ndi katoni, ndiike pa zenera milungu iwiri, kenako ndichape katatu. Chidede, bitiruti ndi turmeric zonse zinagwa mayeso amenewo. Zimaoneka bwino kwambiri pa chithunzi, ndipo ndikudziwa kuti udzafuna kuziika pa Facebook chifukwa anthu adzathamangira. Usadzatero pa dzina langa. Ndiponso chithunzi usachikometse ndi foni. Munthu akatsegula phukusi ku Kitwe apeze mtundu umene anaona.

Kabuku kakuda kaja, kamene kali ndi tizingwe tolendewera m'mbali, ndiko ndikufuna uyambe kuwerenga usanawerenge china chilichonse. Poto aliyense amene ndinanyikapo alimo: tsiku, kulemera kwa ulusi, alamu wochuluka bwanji, makoko ochuluka bwanji, madzi a mvula kapena a chitsime, maola angati pa moto, ndi kachingwe kake komata pambali. Ngakhale ndi kabukuko mapoto awiri safanana ndendende. Ndiye munthu akati akufuna kuluka juzi, mufunse kukula kwake, umugulitse mipukutu yonse ya poto mmodzi tsiku lomwelo, ndi umodzi wapadera. Akabwera mwezi wamawa kuti wapereweza dzanja limodzi, simudzamvana.

Za mtengo. Anthu adzakuuza kuti ku Kamwala ulusi ndi wotchipa, ndipo akunena zoona. Uja ndi wa pulasitiki wa ku fakitale, ndipo juzi lathunthu la salaula limatsika mtengo kuposa mpukutu wanga umodzi. Kumeneko sitingapikisane nawo. Fakitale zazikulu za nsalu zinalephera, ya ku Kafue inagwa, ya Mulungushi ku Kabwe inaima mu 2007, nanji ife a mapoto 3. Ogula athu ndi ochepa, koma amabweranso: amene amabwera ku msika wa ku Dutch Reformed Church ku Kabulonga Loweruka lomaliza la mwezi, amene amazungulira pa msika wa zaluso Lamlungu, alendo ofuna mphatso yopita nayo kwawo, ndi amayi angapo oluka amene amatumiza ndalama pa foni ine n'kukakweza katundu pa basi ku Intercity. Ndimawadziwa pafupifupi onse, ena mpaka mayina a zidzukulu zawo. Powerengera mtengo uziikamo maola ako. Mpukutu umodzi wa magalamu 100 umanditengera tsiku kupesa ndi kupota, kunyika kusanayambe. Zaka zoyamba sindinkadziwerengera, ndinkati phindu lilipo, pamene ndinali kugwira ganyu yaulere kwa ine mwini. Ndipo abale, azakhali ako makamaka, adzati tipatseni tidzalipira kumapeto kwa mwezi. Ukafuna kupatsa, patsa ngati mphatso ulembe m'kabuku kuti mphatso. Ngongole ya pachibale ndinasiya kuilemba chifukwa imangondiwawitsa mutu.

Ndafika pa ngongole yako. Ulusi umagulidwa kukazizira. Ndalama zimalowa Meyi, Juni, Julayi, n'kumalizira pa chionetsero cha zaulimi kumayambiriro kwa Ogasiti. Kuchoka apo mpaka Khirisimasi munthu safuna kumva za ubweya, koma akalulu amadya tsiku lililonse, ndipo wokongoza amafuna zake mwezi uliwonse, sadziwa kuti kunja kwatentha. Walira mvula walira matope, mwana wanga: akalulu 40 amabwera ndi makola 40, chakudya, mankhwala ndi munthu wolemba ntchito. Za kaloba usaziyandikire n'komwe. Zonse uziona panozi zinabwera pang'onopang'ono ndi chilimba cha amayi a ku tchalitchi, mgolo umodzi lero, khola limodzi chaka chamawa.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Ntchito usasiye chaka chino. Tenga tchuthi chako kawiri, osati nthawi ya Khirisimasi pamene pano pamakhala phee. Ubwere milungu iwiri mu Juni, uone msika ndi mapoto zikuyenda pamodzi, uime nane pa tebulo kuyambira m'mawa. Ubwerenso kumapeto kwa Seputembala, umete ndi manja ako, ugone ndi nkhawa ya kutentha. Pakati apo za Facebook ndi WhatsApp yamba lero uli komweko, ndikutumizira zithunzi, chifukwa pamenepo ndiye umandiposa kutali ndipo makasitomala ena ndimawayankha patatha masiku atatu. Undithandizenso mapepala, dzina ndinalembetsa ku PACRA, kolembetsa mabizinesi, koma za misonkho ku ZRA ndimachita mochedwa nthawi zonse chifukwa kompyuta imandizunguza. Pa malipiro ako uzipatula kenakake mwezi uliwonse. Ukadzafika poti ungakhale miyezi 6 osatapa m'thumba la akalulu, ndipo utaona Juni ndi Okutobala ndi maso ako ukufunabe, chipinda chako ndidzachotsamo masaka a ubweya ndekha.

Atate ako akuti ndikuuze kuti iwo ali mbali yako, koma iwo sanapesepo kalulu ngakhale mmodzi. Mlongo wako akupereka moni. Kalulu wotuwa uja waswa ana 6 Lachiwiri, mmodzi ndi wofooka, ndikumuyamwitsa padera. Pobwera mu Juni unditengere mabatire a sikelo, aja ang'onoang'ono ozungulira, ndi nsapato zoti ungalowe nazo m'khola, osati zija unabwera nazo ulendo watha.

Ndine mayi ako.