Lipoti la ulendo wa ku Zomba kwa a komiti ya zaumoyo

A Mfumu, a Tcheyamani ndi anzanga nonse, ndabwerako bwino ku Zomba komwe munandituma ku maphunziro a masiku awiri a za matenda a maganizo. Malisiti a minibasi ndi a malo ogona ali kwa a Msungichuma, kuti amene ankati ndapita kukadya alawansi akaone okha.

M'mawa wa tsiku loyamba unathera malonje ndi mafomu. Masana ndiye ndinatchera khutu. Namwino wina anatiuza kuti ife timangoti "adokotala a amisala" ngati onse ndi amodzi, pomwe ntchito zawo n'zosiyana. Madokotala enieni a matenda a maganizo, amene amaphunzitsidwa ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ku Blantyre, ndi ochepa kwambiri m'dziko muno. Amene ife tingawapeze msanga ndi anamwino ndi makilinikala ofisala a zamaganizo pa chipatala chathu cha boma, ena mwa iwo ophunzira ku koleji ya zaumoyo ya St John of God ku Mzuzu. Munthu akamamva mawu amene ena sakumva, osagona, kumavula zovala pagulu, tithamangire kwa iwowa chifukwa akufunika mankhwala. Zikavuta iwo ndiwo amalemba kalata ya ku Zomba Mental Hospital.

Koma mayi woferedwa amene akuganiza kwambiri, nsima osaikhudza, nthawi zambiri akufunika phungu. Phungu sapereka mapiritsi, amakhala nawe pansi n'kukumvetsera. Apa anatifotokozera za Friendship Bench, imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Harare: agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pa kiliniki n'kumacheza ndi ovutika mumtima. Mtima wanga unangoti phee. Agogo tili nawo, mthunzi wa mango pa chipatala chathu chaching'ono ulipo. Ine ndikuti tiyambe.

Ndili m'holomo ndinkakumbukira mnyamata wathu uja amene anakhala miyezi itatu ali pa unyolo kuseri kwa nyumba, mbuzi ziwiri zitapita kwa asing'anga. Nditanena za chipatala munandiyankha kuti ndi za pabanja. Ndipo tikanamutengera pa chiyani? Njinga ya ambulansi ili yophwa matayala chichokere chaka chatha, chonsecho ndalama yokonzera tinasonkha tonse. A Tcheyamani, nkhani ya njingayi ikhale yoyamba Lachinayi, kenaka tisankhe agogo awiri oti mayina awo ndikapereke kwa alangizi a zaumoyo.