Vinyo wa thovu wapita patsogolo, kaperekedwe kathu katsalira

A Mkonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi abale athu a kuno ku Johannesburg, makamaka amene amaperekera zakudya m'malesitilanti a ku Sandton, Rosebank, Parkhurst ndi Fourways, komanso a m'makomiti a maukwati ndi zinkhoswe. Nkhani yathu ndi ya vinyo wa thovu, uja ambirife timangoti shampeni. Vinyo ameneyu, wopangidwa muno mu South Africa, wafika pabwino kwambiri, koma kasungidwe, katsegulidwe ndi kathiridwe kathu ndi kakalekale komwe kaja. Botolo limene mwini munda walisamala zaka zitatu limawonongekera m'manja mwathu, ndipo mlendo amalipira ndalama zambiri n'kumwa chinthu chofunda, chothawa thovu.

Mabotolo a thovu si ofanana onse, ngakhale amaoneka chimodzimodzi pa shelefu. Otchipa kwambiri aja ndi vinyo wamba amene amangomupopera mpweya ndi makina. Thovu lake ndi lalikululikulu ndipo silichedwa kutha m'tambula. Ena, monga Prosecco wa ku Italy, amawiritsidwa kachiwiri m'thanki yotseka. Koma mukaona pabotolo palembedwa Cap Classique, dziwani kuti vinyoyo anawira kachiwiri m'botolo lomwelo muli nalo m'manjalo, njira imene amagwiritsa ntchito kudera la Champagne ku France. Dzina la Champagne malamulo amalola vinyo wa kudera limenelo yekha, ndiye alimi a kuno anagwirizana mu 1992 kuti wawo azitchedwa Cap Classique. Woyamba kupanga vinyo wotere muno anali Frans Malan wa kumunda wa Simonsig ku Stellenbosch mu 1971, ndipo dzina lake, Kaapse Vonkel, likadalipo m'masitolo. Wa Graham Beck, wa ku Robertson, ndi amene anaperekedwa polumbiritsa Nelson Mandela mu 1994.

Kuti vinyoyu akome chonchi pali zifukwa zooneka. Mphesa zake, makamaka Chardonnay ndi Pinot Noir, amazithyola msanga, mwezi wa Januwale, zisanatsekemere kwambiri, kuti kuwawasa kwake kusathe. Amazifinya pang'onopang'ono ndi nthambi zake zomwe, n'kupanga vinyo wopanda thovu, wamphamvu yochepa. Kenako amamuthira m'mabotolo pamodzi ndi yisiti ndi shuga, magalamu pafupifupi 24 pa lita imodzi, n'kutseka. Yisiti ija ikamadya shuga imatulutsa mpweya, ndipo poti mpweyawo ulibe potulukira umasungunukira m'vinyomo. Yisiti ikafa imasanduka nsenga, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse: vinyo akakhalitsa pamodzi ndi nsengazo amatenga fungo la buledi wongochotsa mu uvuni, thovu lake n'kukhala laling'onoling'ono, losalala pakamwa. Kale lamulo linkati miyezi 9 ndi yokwanira. Tsopano ndi miyezi 12, ndipo opanga ambiri amadutsa pamenepo, ena mpaka zaka zitatu kapena zisanu. Pomaliza amazondotsa mabotolo pang'onopang'ono mpaka nsenga zonse zitasonkhana kukhosi, amaziziritsa khosilo mpaka kuundana, amatsegula kuti kachibuluma ka nsenga kafwamphuke, n'kudzazanso ndi vinyo pang'ono wosakaniza shuga asanaike chitsekero ndi kawaya.

Shuga wa pomalizayu ndi amene woperekera aliyense ayenera kumudziwa pamtima, chifukwa alendo ambiri amakhumudwira pamenepa. Mayina olembedwa pabotolo ndi amene amasonyeza kuchuluka kwa shugayo: Brut Nature sapitirira magalamu 3 pa lita, Extra Brut sapitirira 6, Brut amalekezera pa 12. Demi-Sec, amene opanga ambiri a kuno monga Krone, Simonsig ndi Graham Beck amamulemba kuti Nectar, amakhala ndi magalamu 32 mpaka 50. Extra Dry ndi wotsekemera kuposa Brut, ngakhale dzina lake limasokoneza. Mlendo akangoti akufuna shampeni, mufunseni ngati amakonda wotsekemera kapena wowawasa musanatsegule. Amayi ndi abambo ambiri a kwathu amene sanazolowere vinyo amasangalala ndi Nectar, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Cholakwika ndi kumutsegulira munthu Brut Nature chifukwa choti ndi wodula, iye n'kusiya tambula yodzaza patebulo.

Tsopano kuzizira. Vinyoyu aperekedwe ali pa madigiri 6 mpaka 8. Wokhalitsa, wolembedwa chaka chake pabotolo, amamveka bwino pa 8 mpaka 10. M'firiji pamafunika maola atatu kapena anayi. Ngati nthawi yachepa, kapena magetsi anathima, ikani botolo m'ndowa ya ayezi theka, madzi theka, mpaka madziwo afike m'khosi, ndipo pakatha mphindi 20 kapena 30 lazizira. Ayezi yekhayekha wopanda madzi sagwira botolo paliponse, ndiye m'munsi mumazizira pamwamba pali pofunda. Tambula yoyamba imachokera pamwamba pomwepo. M'firiza musaikemo n'kuiwala, chifukwa vinyo akaundana amakankha chitsekero kapena kuswa botolo.

Kuno ku Joni nkhani ya kuzizira ndi yaikulu kuposa ku Cape Town. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wa kunja ndi wopepukirapo, choncho thovu limatuluka mwaukali. Botolo lofunda pang'ono limene kunyanja likanangofufuma, kuno limataya vinyo pansi. M'botolomo muli mphamvu ya mabar 5 kapena 6, kuposa kawiri mpweya wa m'tayala la galimoto, ndipo chitsekero chikathawa chimatha kuswa diso la munthu.

Katsegulidwe koyenera ndi aka. Pukutani botolo liume, mumuonetse mlendo chizindikiro kuti avomereze kuti ndi lomwelo waitanitsa. Chotsani kapepala konyezimira ka pamutu. Chala chachikulu chikhale pamwamba pa chitsekero musanakhudze kawaya, ndipo chisachokepo mpaka mutamaliza. Potokolani kawayako, nthawi zambiri kasanu ndi kamodzi, koma musakachotse, chifukwa kamathandiza kuti dzanja lisaterere. Pendeketsani botolo, kukamwa kwake kuloze kopanda munthu, kopanda babu. Dzanja limodzi ligwire chitsekero zolimba, linalo lizungulitse botolo kuchokera m'munsi. Chozungulira ndi botolo, chitsekero ayi. Mukapotokola chitsekero chimatha kuduka mutu. Mukamva chikukankha, chibwezeni pang'ono kuti mpweya utulukire m'mbali mwakachetechete. Musaliimike nthawi yomweyo, lisiyeni lili chopendekera kamphindi kuti thovu likhazikike. Pothira, yambani ndi pang'ono, dikirani thovu litsike, kenako onjezani mpaka kupitirira theka pang'ono. Botolo la mamililita 750 limatulutsa matambula asanu ndi imodzi a mamililita 125.

Matambula ndi amene amapha vinyo wambiri m'malesitilanti mwathu. Sopo wotsalira, mafuta a m'manja kapena a pamilomo, ngakhale kansalu kopukutira kochapidwa ndi mankhwala ofewetsa zovala, zonsezi zimathetsa thovu. Mlendo amadandaula kuti vinyo ndi wakufa pamene vuto ndi tambula. Tsukuluzani ndi madzi otentha okhaokha, pukutani ndi nsalu youma imene sigwira ntchito ina iliyonse, ndipo nunkhizani tambula musanaiike patebulo; ngati ikununkha kabati kapena katoni, itsukeninso. Tambula yaitali yopyapyala imasunga thovu koma imabisa fungo. Kwa Cap Classique wokhalitsa ife timaona kuti tambula ya vinyo woyera, kapena ija yotupa pakati n'kupanikiza kukamwa, ndiyo yabwino.

Zilipo zina zimene zimachokera m'botolo. Vinyo akamanunkha ngati katoni yonyowa, chitsekero ndi chimene chamuwononga, ndipo botololo libwezedwe popanda mkangano; si mlandu wa woperekera kapena wa mlendo. Akamanunkha kabichi wowiritsa, wawombedwa ndi kuwala. Izi zimachitika kwambiri ndi vinyo wofiirira wa rosé wa m'mabotolo oyera mbee amene amayalidwa pawindo kapena m'firiji ya magalasi yoyaka magetsi usana ndi usiku. Eni malo amakonda kuyala mabotolo otere chifukwa ndi okongola, koma osagulidwa msanga akhale m'katoni, pamalo amdima, pozizira. Botolo lotsegula kale litsekedwe ndi chotsekera chachitsulo chomana m'khosi n'kubwezedwa m'firiji. Zoika supuni kukamwa kwa botolo sizisunga thovu. Ogulitsa pa tambula azilemba tsiku lotsegulira pabotolo, ndipo likagona masiku awiri alilawe kaye asanathirire mlendo.

Pa zakudya, vinyoyu asamangokhala wokwezera tambula m'mwamba basi. Kuwawasa kwake ndi thovu zimatsuka mafuta pakamwa, ndiye Brut amayenda bwino ndi chilichonse chokazinga ndi chamchere: chambo chokazinga, usipa wouma wokazinga, tchipisi, masamusa, mtedza wothira mchere. Nyama yootcha ndi nkhuku zimafuna rosé, amene ali ndi mphamvu ya Pinot Noir. Ngati ndiwo zili ndi kambuzi kapena peri-peri, tengani Nectar, chifukwa shuga amaziziritsa tsabola pamene wowawasa kwambiri amamukolezera. Chimene sichiyenda ndi Brut pamodzi ndi keke ya ukwati. Keke imatsekemera kuposa vinyo, vinyoyo n'kusanduka wowawa pakamwa, ndipo pafupifupi paukwati uliwonse ziwirizi zimaperekedwa limodzi.

Ndiye a makomiti, tamverani. Pa alendo 100, mukamathira mamililita 100 aliyense, mabotolo 15 akwana. Gulani Nectar ngati akuyenda ndi keke. Pakhalenso madzi a mphesa kapena a maapozi a thovu opanda mowa, pa thireyi yakeyake yodziwika bwino, chifukwa pakati pathu pali Asilamu ndi a mipingo imene samwa, ndipo si bwino munthu amwe mosadziwa. Mabotolo alowe m'ndowa perekaniperekani akuyamba, osati kuima patebulo lapamwamba kuyambira masana. Achinyamata akafuna kukhutchumula ndi kuwaza kuti chithunzi chikome, apatseni botolo limodzi lotchipa, achitire panja. Mukachitira phwando m'lesitilanti ndipo mukufuna kubwera ndi mabotolo anu, funsiranitu ndalama imene amalipiritsa potsegula botolo lililonse, komanso ngati bilu ya gulu lalikulu imakhala ndi tipi kale. Nthawi zambiri tipi kuno ndi R10 mpaka R15 pa R100 iliyonse.

Zionetsero za vinyo mumzinda uno zilipo, ndipo ife Amalawi timapezekako kwambiri ngati onyamula mathireyi kuposa ngati olawa. WineX imachitikira ku Sandton Convention Centre, kawirikawiri mwezi wa Okutobala, ndipo opanga vinyo eni ake amaima pamatebulo kuyankha mafunso. Pa 1 Sepitembala ndi tsiku la Cap Classique, pamene malo ambiri amalawitsa. Kopita kotere idyani kaye, musadzole perefyumu, yambani ndi osatsekemera kumalizira otsekemera, ndipo lavulani m'kachidebe kamene amaika patebulo. Kulavula si mwano; ndi mmene akatswiri amalawira mitundu 20 mutu uli bwinobwino. Funsani mafunso atatu: mphesa zake ndi ziti, anakhala miyezi ingati pa nsenga, shuga ndi magalamu angati. Lembani mayankho m'kabuku. Pakutha pa madzulo amodzi mudzayamba kumva nokha kusiyana kwa wa miyezi 12 ndi wa miyezi 36. Pobwerera musayendetse galimoto. Malire a lamulo muno ndi magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi, 0.02 kwa amene kuyendetsa ndi ntchito yawo, ndipo vinyo wa thovu amakwera kumutu msanga.

Chimene chikutipweteka mtima n'chakuti abale athu ambiri amakalambira pa ntchito yochotsa mbale pamene nzeru za vinyo zingawakweze. Anzathu a ku Zimbabwe anationetsa njira. Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu anabwera muno kudzafuna ntchito ngati ife tomwe, anaphunzira mpaka kukhala ma sommelier, akatswiri osankha ndi kuperekera vinyo, m'malesitilanti otchuka a ku Cape Town, ndipo mu 2017 anakaimira dziko lawo ku France pa mpikisano wa dziko lonse wozindikira vinyo polawa botolo litabisidwa. Nyamudoka lero ali ndi vinyo wakewake, Kumusha. Cape Wine Academy imaphunzitsa kuno ku Johannesburg kuyambira gawo la oyamba kumene, maphunziro a vinyo a bungwe la Wine & Spirit Education Trust (WSET) aliponso, ndipo bungwe la South African Sommeliers Association limayesa mayeso a ntchitoyi. Amene simumwa musadzione ngati mwatsekeredwa kunja: kuziziritsa, kutsegula, kusamala matambula ndi kuzindikira botolo lowonongeka ndi mphuno sizifuna kumeza kanthu.

Pempho lathu kwa magulu a Amalawi a ku Randburg, Mayfair, Diepsloot ndi Cosmo City ndi lakuti, monga mmene timasonkhera za maliro ndi zipereganyu, tisonkherenso fizi ya gawo loyamba la maphunzirowa kwa mnyamata kapena mtsikana mmodzi pachaka, ndipo iyeyo akamaliza aziphunzitsa anzake tsiku lopuma. Amene muli kale m'malesitilanti, ogulitsa vinyo akabwera kudzalawitsa antchito musamathawire kukhitchini. Khalani kutsogolo ndi kabuku kanu, ndipo mupemphe abwana kuti botolo lotsatira la Cap Classique mukatsegule ndinu patebulo.

Ndife,
Amalawi ogwira ntchito ya vinyo m'malesitilanti,
Johannesburg