Phindu la kafukufuku wa Yanagimachi tiliyesere pa mabanja amene adathandizika

Akonzi,

Akamayamikira wasayansi, ambiri amawerenga nkhani zimene adalemba ndi mphoto zimene adalandira. Ine ndimafuna kudziwa kaye kuti ndani adapukutidwa misozi ndi ntchito yakeyo. N'chifukwa chake ndalemba kalatayi, kuti owerenga anu amudziwe Ryuzo Yanagimachi, mbadwa ya ku Hokkaido m'dziko la Japan, yemwe adamwalira mu 2023 ali ndi zaka 95. Gawo lalikulu la moyo wake adalithera pa funso limodzi: kodi mbewu ya abambo imalowa bwanji m'dzira?

Mu 1951, M. C. Chang ndi Colin Austin, aliyense payekha, adapeza kuti mbewu yongotuluka kumene singalowe m'dzira. Imayenera kukhala kaye maola angapo m'njira ya mayi kuti ikhwime. Yanagimachi adapita ku Massachusetts, m'dziko la America, kukagwira ntchito ndi Chang, ndipo mu 1963 awiriwa adakumanitsa mbewu ndi dzira la kanyama konga mbewa kotchedwa hamster m'mbale ya mu labotale, mbewuyo itakhwimira kunja kwa thupi. Ntchito ngati imeneyi ndi imene idalambula njira yoti Louise Brown, mwana woyamba kubadwa mbewu ndi dzira zitakumanitsidwa mu labotale, abadwe ku England mu 1978.

Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha mu 1976. Ali pa yunivesite ya Hawaii, iye ndi mnzake Uehara adatenga mutu wa mbewu imodzi n'kuubayira m'dzira la hamster ndi kasingano ka galasi, ndipo adaona kuti mutuwo wayamba kusintha monga umachitira mimba ikamayambika. Panthawiyo zinkaoneka ngati nkhani ya tinyama basi. Patadutsa zaka 16, mu 1992, Gianpiero Palermo ndi anzake ku Brussels adalengeza za ana oyamba obadwa mwa njira imeneyi, yomwe lero imatchedwa ICSI. Taganizani: buku la mu 2021 la WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, limatenga mbewu 16 miliyoni pa mililita imodzi ya umuna ngati malire a m'munsi. Bambo amene ali nazo zochepetsetsa, kapena amene mbewu yake siyenda bwino, kale ankangouzidwa kuti palibe chochita. Tsopano mbewu imodzi pa dzira limodzi ndi yokwanira, ngakhale yochita kutengedwa m'machende.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza tonse. Mu 2023 WHO idati munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi aliwonse amakumana ndi vuto losabereka pa moyo wake, ndipo madokotala amati pafupifupi theka la mabanja otere vuto limakhudzanso mwamuna. Komabe chala chimalozedwa kwa mkazi. Iye ndiye amanyozedwa, amamwa mankhwala osiyanasiyana, nthawi zina amasiyidwa kumene, mwamuna wake asanayezedwepo n'kamodzi komwe. Ndaona mayi wina akupirira chitonzo chotere zaka zambiri, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Ndikudziwa kuti ICSI ndi yodula ndipo ambiri sangaikwanitse. Koma kafukufuku wa mbewu ya abambo adatipatsanso zinthu zosafuna chuma chambiri. Kuyeza umuna sikupweteka. Kukhala ndi mphamvu kuchipinda si umboni woti munthu ndi wobereka, ndiponso kuchepa kwa mbewu sikuchotsera munthu ubambo wake. Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, choncho bambo akasiya fodya, akachepetsa mowa, kapena akachira matenda opatsirana pogonana, ayenera kudikira miyezi itatu asanakayezetsenso. Ngakhale malungo otentha thupi kwambiri amatha kutsitsa chiwerengero kwa kanthawi, n'chifukwa chake dokotala saweruza ndi kuyeza kumodzi.

Pempho langa kwa inu, akonzi, n'lakuti mukamalemba za kusabereka, muzifunsanso akatswiri a uchembere wa abambo, ndipo muziwauza amuna poyera kuti tsiku loyamba lopita kuchipatala apite limodzi ndi akazi awo, onse akayezedwe.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzi yanu