Makalata a pa imelo a zamakompyuta, atatu akwana

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzi yanuyi ndilankhule ndi anzanga amene timadyera makompyuta kuno ku chigwa, ife otayipa ma CV, opulinta mayeso a masukulu, oika nyimbo m'mamemori, kuyambira pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka kukafika pa Nsanje boma. Ine ndili ndi kashopu ka fotokope pa Nchalo, makompyuta awiri otopa ndi pulinta imodzi yofuna kuinyengerera m'mawa uliwonse ngati mwana wokana phala. Sukulu ya makompyuta sindinapondeko, zambiri zomwe ndimadziwa ndazitola m'makalata aja amabwera okha pa imelo ukalembetsa, aja amati nyuzileta. Nde pali mnyamata amandithandiza Loweruka, tsiku lina anandipeza ndikuwerenga, basi sabata yomweyo anakalembetsa paliponse pomwe waona kabokosi kofunsa imelo, pano foni yake ikungolira usana ndi usiku ndipo palibe ndi imodzi yomwe amatsegula. Ndi chimene chandikhazika pansi kulemba kalatayi.

Sindikumuseka ayi, inenso ndinayamba chonchi. Nthawi ina ndinali nawo pafupifupi 20, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, mpaka imelo ya kasitomala wofuna ndimupulintire mafomu inamira pakati pa zimenezo ndinaiona patatha masiku anayi munthu atapita kale kwina. Pano ndatsala ndi atatu basi ndipo ndimawerenga onse mpaka kumapeto.

Ena afunsa kuti imelo yachani poti pali WhatsApp ndi YouTube. Aaa, amene akufunsa choncho mwina bandulo amagulilidwa. Vidiyo imodzi ya mphindi 15 yoti munthu akuyamba ndi kupereka moni ndi kupempha ma like imadya bandulo yoti ukanawerengera makalata mwezi wathunthu, komanso za m'magulu a WhatsApp sudziwa anayambitsa ndani, zangolembedwa kuti zatumizidwa kambirimbiri. Imelo ubwino wake imadikira. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tinakhala masiku opanda netiweki yodalirika, misewu itaduka, foni kutchaja kwake movutikira, koma zinthu zitabwerera makalata onse ndinawapeza ali phee motsatana ndi madeti ake, ndipo ukawatsitsa kamodzi mu foni umawerenga ngakhale netiweki itathawanso. Chaka cha 2022 namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, magetsi akumayaka mwa apo ndi apo, ine ndinkatsitsa makalata magetsi akabwera n'kumawerenga masana pansi pa mtengo ntchito itaima.

Tsono kasankhidwe kake. Chinthu choyamba chomwe ndimayang'ana ndi choti kodi akulemba ndani, ali ndi dzina? Kalata yabwino mwini wake sabisala, ndipo makalata ake akale amawaika poyera kuti uwerengeko awiri atatu usanapereke imelo yako. Ngati akufuna imelo kaye kenako ndiye uone zomwe amalemba, kapena akukulonjeza mphatso ya foni ukalembetsa, ameneyo akufuna adilesi yako osati kukuphunzitsa. Mbuzi pa msika wa pa Ngabu sugula ili m'thumba.

Koma chachikulu, chomwe ndinachedwa kuchizindikira, ndi choti makalata ambiri a tekinoloje salembera ife. Amalembera munthu wa ku America kapena ku Ulaya amene ali ndi khadi la banki lolipirira pa intaneti, intaneti yosatha m'nyumba ndi magetsi osazima. Nde uona theka la kalata ndi mitengo yotsika ya pa sitolo ya pa intaneti ya Amazon, mwezi wa Novembala ndiye usanene, Black Friday yokhayokha, tsiku lomwe masitolo amatsitsa mitengo, laputopu yatsika ndi madola mwakuti, iwe uli pa Nchalo ukuwerenga ngati ukuonera anzako akudya. Ndipo dziwani kuti malinki ambiri a zogulawo mwini kalata amalandirapo kangachepe munthu akagula, si kuba ayi, oona mtima amalemba poyera kuti timapezapo kenakake, koma zikutanthauza kuti kalata yotere ntchito yake ndi kukugulitsa chatsopano pomwe iwe vuto lako ndi loti chakale chomwe uli nacho chifike chaka chamawa. Ine muyeso wanga ndi umodzi: pakatha mwezi ndimadzifunsa, kodi kalata iyi yandithandiza kukonza kapena kupewa chinthu chimodzi pa tebulo langali? Ngati ayi, imapita.

Mwa atatu angawo, wa malangizo ndi wa Ask Leo!, amalemba ndi bambo wina Leo Notenboom amene anagwira ntchito ku Microsoft zaka zambiri asanayambe kuyankha mafunso a anthu wamba mu 2003. Imabwera kamodzi pa sabata, Chingerezi chake chosavuta, ndipo nyimbo yake ndi imodzimodzi, sungani mafayilo anu malo awiri, mpaka umatopa nayo koma tsiku lomwe hadi disiki yakufera umamukumbukira. How-To Geek nayonso ili ndi kalata, imafotokoza bwino za Windows ndi Android ngakhale zogulagula zimachulukamo. Wa nkhani ndinasankha wa TechCabal ya ku Lagos, amautcha TC Daily, chifukwa nkhani zake ndi za ku Africa kuno, ndalama za pa foni, makampani a netiweki, malamulo a maboma, zinthu zoti ukawerenga za ku Kenya kapena Nigeria umadziwa kuti mawa zitipeza ife a Mpamba ndi Airtel Money. Palinso Rest of World, imene imalemba dala za tekinoloje m'maiko a kunja kwa America ndi Ulaya. TLDR ndinaiyesa, ndi yabwino kwa olemba mapulogalamu, ine wa fotokope zinkangondidutsa pamwamba. Wachitatu si nyuzileta kwenikweni, ndi Have I Been Pwned ya Troy Hunt wa ku Australia, umalembetsa imelo yako ulere ndipo imakhala chete miyezi, imangokulembera tsiku lomwe adilesi yako yapezeka pa zinthu zomwe akuba atulutsa kuchokera ku kampani ina, kuti usinthe pasiwedi msanga.

Phindu lake ndinaliona pa nkhani ya Windows 10. Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025, monga inachitira ndi Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo ine ndinadziwa kukadali chaka chathunthu chifukwa cha makalatawa. Ndinadziwanso kuti kompyuta siizima tsiku limenelo, imagwirabe ntchito, chomwe chimasiya ndi ma apudeti otseka mipata ya mavayirasi, komanso kuti Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko zomwe makompyuta ambiri a kaunjika omwe timagula ku Limbe alibe. Mnzanga wina wa ku Bangula anauzidwa ndi wokonza wina kuti makina ake onse afa pa detilo, agule ena, anatsala pang'ono kugulitsa ng'ombe. Ine imodzi ndinaichotsa pa intaneti imangotayipa ndi kupulinta, inayo m'malo mwa Windows ndinaika Linux Mint yomwe ndi yaulere, poyamba inandizunguza mutu koma pano tinazolowerana.

Za kuchuluka kwake, wa tsiku ndi tsiku ukhale umodzi basi, enawo a pa sabata. Munthu wotsegula shopu 7 koloko n'kutseka dzuwa litalowa sangawerenge makalata asanu patsiku, kunama.

Pali tinthu tina ting'onoting'ono toti mnyamata wangayu ndamuuza kale koma ndibwereze pano. Mu Gmail muli pomwe umasankha kuti zithunzi zisamatseguke zokha mpaka utalola, pitani ku Settings muone pa Images. Zimapulumutsa bandulo, komanso m'makalata ambiri mumakhala kachithunzi kosaoneka ndi maso komwe kamauza wotumiza kuti watsegula nthawi yakuti, nde ukatseka zithunzi kameneko kamagona. Musalembetse ndi imelo yomwe mumafunsira ntchito kapena ya ku banki, tsegulani ina, kapena ngati ndi Gmail onjezani chizindikiro cha + ndi liwu lililonse pakati pa dzina lanu ndi @, kalata imafikabe kwa inu koma tsiku lomwe adilesi imeneyo yayamba kulandira za juga ndi ngongole mumadziwa amene anaigulitsa. Kalata mukalembetsa osaiona, yang'anani ku Promotions kapena ku Spam, ambiri amayamba atumiza kakalata koti mutsimikize kuti ndinudi. Ndipo muzifufuta akale, malo aulere a Google ndi 15 GB okha ndipo amagawana ndi Drive ndi Photos, akadzadza imelo zatsopano zimasiya kulowa. Apa ndikumbutsenso aja mumabwera kudzatsegulitsa imelo chifukwa kwatuluka ntchito kenako osaibwereranso, Google inanena kuti akaunti yokhala zaka ziwiri osaigwiritsa ntchito ikhoza kufufutidwa, nde kalata imodzi yomwe umaikonda imathandizanso kuti uzilowamo.

Pa nkhani yotuluka samalani. Kalata yomwe munalembetsa nokha ili ndi Unsubscribe pansi penipeni, dinani, palibe amene akwiye. Koma yomwe simunaipemphe, yangobwera, musadine kalikonse m'katimo ngakhale Unsubscribe yomweyo chifukwa mukungowauza kuti adilesiyi ili ndi mwini wamoyo, ingoiponyani ku Spam. Ndipo nyuzileta yeniyeni siifunsa pasiwedi, siifunsa PIN, siikuuza kuti dawunilodani kapulogalamu aka kompyuta yanu ili ndi mavayirasi 37. Ine kale ndinadina zoterozo pa kalata ina yomwe sinditchula, yodzitcha ya malangizo aulere, kompyuta inayamba kutsegula masamba okhaokha a malonda, ndinakwera nayo minibasi mapiri onse aja kupita ku Blantyre kukaipukutitsa, ndalama ya transipoti ndi ya wokonza kuphatikiza tsiku lathunthu shopu yotseka. Ndi utsiru womwewo womwe umatipweteka ndi aja amaimba foni kuti ndatumiza ndalama molakwika mundibwezere, kungoti uwu wavala Chingerezi.

Tsono Akonzi, pomwe pakundiwawa ndi apa. Makalata onsewa ngakhale abwinowo sadziwa chigwa. Mwezi wa Disembala amandilangiza momwe ndingatetezere batire ku chisanu, ine ndili pa Nchalo pomwe Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, laputopu ikuzima yokha masana fani ikulira ngati chigayo. Palibe amene analembapo za phulusa la nzimbe lomwe limagwa nyengo yodula n'kulowa mu pulinta, kapena za nyerere zomanga mu kiyibodi, kapena kuti madzi akayamba kukwera uyambe wanyamula chiyani, ine ndinaphunzira ndekha kuti hadi disiki ndi fulashi zimalowa mu pepala la pulasitiki n'kupita pamwamba pa kabati mvula ikangoyamba. Vayirasi ija imasandutsa mafayilo a mu fulashi kukhala ma shortcut, kunja anaiiwala kalekale, kuno ndi ya sabata iliyonse chifukwa fulashi imodzi imayenda m'makompyuta a sukulu, a tchalitchi ndi a shopu zitatu. Aphunzitsi ena anabwera misozi ili m'maso kuti masikimu a teremu yonse apita, wina atawauza kuti angofomata, chonsecho mafayilo aja sanafufutike amangobisika, kulemba lamulo limodzi lotchedwa attrib mu Command Prompt ya Windows n'kubwerera onse. Zimenezi zikanalembedwa m'Chichewa aphunzitsi aja sakanayenda ulendo wa kabaza kuchokera kumudzi.

Nde pempho langa ndi loti inu a nyuzi muyambitse kalata yotere m'Chichewa, kamodzi pa sabata, mawu okhaokha opanda zithunzi zolemera, yoti munthu atsitse ndi bandulo yotsika mtengo. Muzitiuza MACRA ikasintha malamulo, mutimasulire kuti lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024 likutanthauza chiyani kwa ife amene timasunga ma CV ndi makope a zitupa za anthu m'makompyuta mwathu, mutichenjeze njira zatsopano za akuba a pa foni, ndipo muzisiya malo a mafunso. Ena kuno angakonde ndime imodzi m'Chisena, koma tiyambe ndi Chichewa kaye. Mafunso oyambira musavutike nawo, ndili ndi kope lathunthu la zomwe makasitomala amandifunsa, mukafuna ndilipulinta ndikutumizireni pa minibasi.

Ine wowerenga wanu,
wa fotokope pa Nchalo, Chikwawa