Ndege za matabwa ndi nsalu si zoseketsa

Akonzi,

Ndine kalipentala wa ku Ndirande, ndakalamba ndi sowo m'manja. Sabata yatha mdzukulu wanga anandionetsa pa foni chithunzi cha ndege ya mapiko awiri osanjikizana, ya pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, uku akufa ndi phwete kuti ikufanana ndi khola la nkhunda. Ine sindinaseke nawo.

Ndege zimenezo ankapanga ndi amisiri anzanga. Mafupa ake anali matabwa okungidwa ndi mawaya, pamwamba n'kukuta nsalu yopaka mankhwala oumitsa. Amene chitseko chinamukanirapo kutsekeka m'dzinja akudziwa kuti thabwa limamvera nyengo, osati mwini wake. Mu 1915 Angerezi anapita ndi ndege ku mtsinje wa Rufiji, ku Tanzania komweku, kukasaka sitima ya Ajeremani ya Königsberg. Kutentha ndi chinyezi zinafewetsa guluu, matabwa n'kupindika. Anyamatawo ankakwerabe. Mu Julayi sitimayo inaphwasulidwa iwo ali m'mwamba, akuuza oombera mizinga komwe zipolopolo zikugwera.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti oyendetsa ndege a ku Britain sankapatsidwa parachuti. Thanki ya petulo inali pambali pawo pomwepo, ndipo nsalu ija ikagwira moto inkalilima ngati udzu wa mu Okutobala. Mu Epulo 1917 mokha anataya ndege zoposa 200 ku France. Ngakhale tsiku lopanda mdani linali lozunza: injini ya ndege yotchedwa Sopwith Camel inkazungulira yonse pamodzi ndi pulopela, ikulavulira woyendetsa mafuta a nsatsi kumaso. Inde, nsatsi zomwezi timazilambalala m'mabwinja. Amene anamwetsedwapo mafutawo ali mwana sindikufunika kumuuza zochitika m'mimba.

Mdzukuluyo anatseka pakamwa nditamuuza za William Robinson Clarke, munthu wakuda wa ku Jamaica. Analowa m'gulu la ndege zankhondo la Britain ngati dalaivala wa galimoto, mu 1917 n'kukhala woyendetsa ndege, ndipo anaomberedwa kumsana ali m'mwamba koma anapulumuka.

Novembala wayandikira, mwezi wokumbukira ogwa pa nkhondo. Ndikupempha mutipatseko tsamba limodzi la nkhani zimenezi m'Chichewa, pamodzi ndi za asilikali a KAR (King's African Rifles) ndi atengatenga athu amene ankasenza katundu wa nkhondo yomweyo pamutu. Zithunzi muikemo zikuluzikulu, maso anga anayamba kuchita chidima.

Kalipentala wokalamba,
Ndirande, Blantyre